Kadesiki ka pangodya: kupangitsa ndi kukonza malo olembera m'nyumba yaing'ono kuno ku Mulanje

Zaka ziwiri zoyambirira zimene ndinakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi pa Chitakale, ntchito yanga yonse ndinkagwirira pa tebulo lodyera. Makope a ana a sukulu, masikimu, kaundula wa banki mkhonde ya mdera lathu, zonse zinkakhala pamenepo. Nsima ikapsa ndinkasonkhanitsa mapepala n'kuwaika pa mpando, tikatha kudya n'kuwabweza. Tsiku lina msuzi wa nyemba unatayikira pa tsamba la ngongole za mwezi wathunthu, ndipo Loweruka lomwelo ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukagula desiki.

Ndinagula yonyezimira, ya madirowa atatu, yooneka ngati ya mu ofesi ya bwana. Chiperoni cha chaka chomwecho chisanathe, m'munsi mwake munali mutatupa ngati buledi woviikidwa mu tiyi, madirowa osatsekeka, ndipo kuseri kwake kunali chuku chobiriwira chimene chinalowa mpaka m'mafailo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Imene ndikulemberapo lero anapanga ndi kalipentala wa pamsika, ndi yaing'ono kuposa yoyamba ija, koma yaona dzinja kangapo osasintha. Kuno kwathu desiki imasankhidwa ndi zinthu ziwiri, tepi yoyezera ndi chinyontho cha m'nyumba mwanu. Maonekedwe amabwera pambuyo. Ndifotokoza mmene ndinachitira ulendo wachiwiriwo, mwa ndondomeko yake.

Yambani ndi katundu amene adzakhalepo

Musanapite kwa kalipentala kapena kusitolo, yalani mphasa pabalaza n'kuikapo chilichonse chimene mukufuna chidzakhale pa desikiyo. Laputopu ngati muli nayo, tchaja, mafailo, mabuku, malisiti, sitepula, chidindo, nyali. Mudzadabwa kuona kuti theka la mulu umenewo ndi mapepala amene ntchito yake inatha kalekale. Amenewo achotseni tsopano, musawapangitsire shelefu.

Zotsalazo zigaweni patatu. Pali zimene mumagwira tsiku ndi tsiku, pali za kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, ndiye pali zongosunga monga masatifiketi, makalata a malo ndi makadi a ku sikelo a ana. Kenako tengani tepi muyeze mulu uliwonse. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali. Failo yaikulu ya chitsulo m'kati ija, ikaimirira imafika masentimita 32, kulowa m'kati pafupifupi 29, ndipo msana wake umadya masentimita 8. Ndiye ngati muli ndi mafailo otere asanu ndi limodzi, mukufunika shelefu ya theka la mita basi. Manambala amenewa alembeni m'kope, chifukwa ndi amene akalamule zonse.

Ntchito zimasiyana. Mphunzitsi amafuna malo otambasulira makope awiri nthawi imodzi. Mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi amafuna dirowa ya loko. Wophunzira amene akuchita lendi kachipinda cha ku Goliati kufupi ndi yunivesite ya MUST amangofuna poika laputopu ndi mabuku ochepa, komanso desiki yoti itheke kunyamulidwa pa njinga akamasamuka. Musatengere ya mnzanu.

Sankhani ngodya, ndipo iyeseni ngati ili youma

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa timangoyang'ana pamene pali mpata. Chiperoni chimatibwerera kuchokera kummwera chakummawa, ku Mozambique, ndipo chikakhazikika pakati pa Meyi ndi Ogasiti chimatha masiku chikungowaza. Khoma limene limayang'ana kumene kumachokera mphepo imeneyo limamwa madzi kwambiri. Ngati mungathe, ikani desiki cha ku khoma la m'kati, logawa zipinda. Pewani khoma limene kuseri kwake kuli bafa, ndi limene kunja kwake madzi a padenga amagwera n'kumathovukira pa njerwa.

Maso okha amanama, makamaka ngati eni nyumba angopaka kumene laimu. Dulani kapulasitiki koonekera m'kati, kakulidwe ngati tsamba la kope, mukamate ndi selotepi mbali zonse zinayi pa khomalo, m'munsi pang'ono. Kena mukamate pa simenti. Musiye masiku awiri. Mukakamatula n'kupeza timadontho kunsi kwake, kapena malowo ada, dziwani kuti chinyontho chikutuluka mmenemo ndipo mapepala anu sadzalimba. Yesani ngodya ina.

Yang'ananinso kumwamba. Nyumba ya malata yopanda siling'i imachita thukuta m'mawa wa nyengo yozizira, ndipo madontho amagwa motsatira mzere wa misomali ngakhale denga lisakudontha. Dzukani mmamawa tsiku lina muone pamene pagwera madontho.

Zenera likhale pambali panu. Likakhala kutsogolo, kuwala kumakuthobwani m'maso ndipo mvula ya mphepo imafika pa makope. Likakhala kumbuyo, sikirini imangoonetsa chithunzi cha zeneralo. Wolemba ndi dzanja lamanja, kuwala kuzichokera kumanzere kuti mthunzi wa dzanja usagwere pa zimene akulemba, ndipo wamanzere atembenuze. Nkhani inanso ya zenera ndi yakuti laputopu isamaonekere kwa aliyense wodutsa panjira, ndipo isakhale poti mkono wolowa pa mabagalabazi ungaifikire.

Mukapeza malowo, jambulani ndi choko pansi kukula kwa desiki imene mukuganiza. Ikani mpando, khalanipo, bwererani m'mbuyo ngati mukuimirira. Kumbali imene mumakhala kumafunika mpata wa masentimita osachepera 75 woti mpando uziyendamo. Tsegulani chitseko cha chipindacho mpaka kumapeto muone ngati sichikulowa m'malire a choko. Musaiwale kuyeza khomo lenilenilo, chifukwa desiki yopangidwa bwino ikakanika kulowa, imathera pakhonde.

Miyeso yoti mupite nayo

Kutalika kwa desiki kuchokera pansi kumakhala pakati pa masentimita 72 ndi 75 kwa anthu ambiri. Koma muyeso woona uli pa thupi lanu ndi mpando umene muli nawo. Khalani pa mpandowo, mapazi aponde pansi bwinobwino, mikono igwe momasuka, kenako pindani chigongono ngati mukulemba. Wina ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongonocho. Pamwamba pa desiki pakhale pamenepo, kapena kutsikirapo pang'ono. Desiki ikatalika mumakweza mapewa osadziwa, ndipo pofika madzulo khosi limakhala litauma. Ngati ndinu wamfupi ndipo desiki munagula kale, kwezani mpando ndi khushoni, pansi muike kathabwa kopondapo.

M'lifupi, kuchokera kumanzere kufika kumanja, mita imodzi imakwana. Yanga ndi masentimita 100 ndipo pamakhala laputopu ndi kope lotsegula pambali. Kutsika pansi pa 80 ndiye kudzimana. Kuchokera pamimba panu kufika kukhoma pakhale masentimita 55 kapena 60. Apa musalole kuchepetsa, chifukwa mashelefu a pamwamba adzadyako gawo lina, komanso maso amafunika kutalikirana ndi sikirini pafupifupi kutalika kwa mkono.

Kunsi, mawondo amafuna mpata wa masentimita 60 m'lifupi ndi 65 kupita m'mwamba. Akalipentala ambiri amakonda kuika dirowa yaikulu pakati penipeni, pamwamba pa ntchafu. Ikakhala yakuya, simungalowetse miyendo, ndipo mumalemba mutakhala chapatali, msana utapindika. Auzeni kuti dirowa ipite pambali, kapena ikhale yosaya, yongokwana mapensulo ndi chidindo.

Tsopano mashelefu. M'chipinda chaching'ono, malo amene alipo ambiri ndi a m'mwamba, ndiye mashelefu amakwera pamwamba pa desiki, kumbuyo kwake. Yoyamba iyambire masentimita 45 kuchokera pa desiki kuti laputopu yotsegula ndi nyali zikwane kunsi kwake. Mashelefu a pamwambawa akhale olowa m'kati masentimita 22 mpaka 25, oika mabuku ndi makope. Akakhala aakulu kuposa apo amatchinga kuwala ndipo mumawagunda ndi mutu poimirira. Mafailo aakulu aja malo awo ndi pambali, kunsi kwa desiki, m'kachipinda ka masentimita 35 kupita m'mwamba ndi 30 kulowa m'kati. Ndi olemera, ndipo kulemera kukakhala pansi desiki imakhazikika.

Chimene chimapha mashelefu ambiri ndi kutalika kopanda mchirikizo. Mapepala amalemera kuposa mmene amaonekera: limu imodzi ya A4 ndi makilogalamu awiri ndi theka. Thabwa lochindikala mamilimita 18 likatalika kupitirira masentimita 70 popanda chogwira pakati, limayamba kupinda msana, ndipo likapinda silibwerera. Pa desiki ya mita imodzi, uzani kalipentala aike kathabwa koimirira pakati. Kamagawa shelefu pawiri, mabuku sagwerana, ndipo thabwa limakhala lowongoka.

Chomaliza pa miyeso n'chakuti desiki ndi mashelefu a pamwamba zikhale zidutswa ziwiri zolumikiza ndi masikuluwu, osati zokhomerera limodzi. Tsiku losamuka mudzazimasula, chilichonse chidzalowa pakhomo pachokha, ndipo wa kabaza adzatha kunyamula maulendo awiri.

Thabwa

Matebulo ambiri onyezimira a m'masitolo ndi a utuchi woumbidwa ndi guluu, umene amautchula chipboard kapena MDF, n'kuukuta ndi kapepala kooneka ngati thabwa. M'nyumba ya matailosi ndi siling'i, youma bwino, amatha kukhala zaka. M'nyumba zathu zambiri za kuno, kumene timakolopa simenti tsiku ndi tsiku ndipo nkhungu imalowa mpaka kuchipinda, madzi amalowera m'mphepete mosakutidwa, utuchiwo n'kutupa. Ukatupa suphwera, ndipo sikuluwu siigwiranso. Kuti muzindikire, gwadani muyang'ane kunsi kapena kuseri, pamene sanakute. Mukaona tizidutswa ta utuchi, mwadziwa. Ngati mwakonda yomweyo, sankhani ya miyendo yachitsulo kuti bolodi lisakhudze pansi, ndipo m'mphepete monse mosakutidwa mupake vanishi musanayambe kuigwiritsa ntchito.

Paini ndiye thabwa limene ambiri tingakwanitse. Ndi lopepuka, losavuta kupala, ndipo likapakidwa vanishi limaoneka bwino. Vuto lake ndi lofewa, moti mukalemba pa pepala limodzi bolopeni imasiya mizere, komanso chiswe chimalikonda. Bulugamu, amene ali ponseponse m'maesiteti a tiyi, ndi wolimba ndipo amachita bwino pa miyendo ndi felemu, koma akachekedwa wosauma amang'aluka ndi kupotoka, ndiye sindimulangiza pa thabwa la pamwamba. Malaina ndi wopepuka ndipo akauma sasuntha kwenikweni. Mbawa ndi mlombwa ndiwo mafumu, mlombwa chiswe sichiulowa msanga, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo kadesiki ka pangodya sikafunikira zimenezo.

Palinso blockboard, bolodi lokhala ndi timatabwa m'kati, lokutidwa ndi pulayi mbali zonse. Limabwera la masentimita 244 ndi 122, ndipo limodzi limatulutsa pamwamba pa desiki ya mita imodzi pamodzi ndi mashelefu ake. Ubwino wake ndi wakuti ndi losalala ndipo silipotoka ngati matabwa olumikiza. Onetsetsani kuti mashelefu adulidwa motsatira utali wa timatabwa ta m'katito. Akadula mopingasa, shelefu imapinda msanga. M'mphepete mwake akhomeremo kathabwa kotseka. Yanga ndi yotero: pamwamba ndi mashelefu blockboard, miyendo bulugamu wouma. Ena amapita kwa owotcherera kukapangitsa felemu yachitsulo n'kuikapo bolodi. Ndi njira yabwino pa chiswe, bola apake penti yoteteza dzimbiri asanapake ya mtundu, apo ayi chinyontho cha kuno chidzaidya kuyambira m'miyendo.

Pali thabwa limodzi limene ndikupemphani mulikane ngakhale atakunong'onezani mtengo wabwino. Ndi mkungudza wa m'phiri lathuli. Ndikudziwa kukoma kwake, fungo lake, ndi kuti chiswe chimauthawa. Koma ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala. Kuudula n'koletsedwa. Mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri akhala akubzala zimafuna zaka makumi angapo kuti zikule. Aliyense wogula thabwa limodzi ndiye amatumiza macheka kumtunda kuja.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, funso lalikulu ndi lakuti, kodi ndi louma? Thabwa laliwisi limalemera, limazizira mukaligwira ndi chikhatho, utuchi wake umamatirira, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Louma limalira mokweza. Desiki ya matabwa aawisi imaoneka bwino tsiku loitenga, koma pakatha miyezi iwiri mizere yolumikizira imatseguka moti pensulo imagweramo. Ngati simukukhulupirira, gulani matabwa nokha, muwasanje pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo, pamwamba mutsindike ndi njerwa, muwasiye miyezi ingapo. Nthawi yabwino yopangitsa ndi Seputembala ndi Okutobala, kunja kukauma.

Kwa kalipentala

Pitani ndi chojambula, ngakhale cha pensulo pa tsamba la kope, miyeso yonse italembedwa. Amisiri athu ambiri amaganiza mu mainchesi ndi mafiti, ndiye tengani tepi yawo yomweyo muwasonyeze ndi chala pamene pali 75, pamene pali 55. Pepala limodzi lisiyeni, lina mutsale nalo.

Amene anapanga yanga ataona chojambulacho anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, kameneka n'kochepa. Bwanji tiwonjezere fiti imodzi, tiikenso madirowa mbali zonse?"

"Ayi bambo, ngodya yake ndi yomweyi. Mukawonjezera, chitseko sichitseguka."

"Nanga kumbuyoku titseke ndi pulayi?"

"Kumashelefu musiye potsegula, mungoika kathabwa kotchinga kuti mabuku asagwere kuseri."

Anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti mphepo izidutsa. Kenako ndi iwo amene anandiuza zoti miyendo ya kumbuyo ailumikize ndi thabwa lopingasa kuti desiki isamagwedere, chinthu chimene ine sindinachiganize. Mverani malangizo awo pa kalumikizidwe, poti ntchitoyo ndi yawo. Pa miyeso musasunthe, poti nyumbayo ndi yanu.

Musanapereke dipoziti, onani katundu wina amene amaliza. Kokani dirowa, tsamirani tebulo, yang'anani ngati molumikizira muli guluu ndi masikuluwu kapena misomali yokha. Gwirizanani mtengo, tsiku, ndi mtundu wa thabwa, mulembe pa pepala lomwe lija, ndipo ndalama yomaliza ituluke desiki itatha. Kapiteniko isanapakidwe vanishi, chifukwa vanishi amabisa mfundo zothothoka ndi ming'alu yotsekedwa ndi utuchi.

Vanishiyo apake paliponse, kunsi, kuseri, m'kati mwa dirowa, makamaka kumapazi a miyendo kumene thabwa limayamwira madzi ngati muzu. Ambiri amapaka pooneka pokha. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mbali inayo n'kupindika. Apake kawiri kapena katatu, akupala ndi sandipepala wosalala pakati. Ngati ndi paini, mankhwala oteteza ku chiswe ayambe kulowa vanishi asanabwere, ndipo desikiyo igone pakhonde masiku angapo kuti fungo lithe. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka pa mitengo ya khola asalowe m'nyumba mogona anthu.

Kuimika

Desiki isagunde khoma. Siyani mpata wolowa chikhatho, masentimita 5 mpaka 10, kuti mpweya uziyenda. Pansi pa mwendo uliwonse ikani kachidutswa ka tayala lakutha kapena ka tailosi, kuti madzi okolopera asamafike pa thabwa. Tizidutswa timeneti timathandizanso ngati simenti ili yosalingana. Shelefu ya m'munsi kwambiri ikhale masentimita 15 kuchokera pansi, kuti tsache lizilowa komanso kuti madzi akalowa m'nyumba usiku asayambire pa mafailo.

Ngati m'nyumba muli ana aang'ono, mashelefu kwa iwo ndi makwerero. Mangirirani gawo la pamwamba ku khoma ndi kachitsulo kopindika ndi sikuluwu, kathabwa kali pakati kosunga mpata uja. M'nyumba ya lendi yambani mwapempha eni ake. Khoma la zidina siligwira sikuluwu bwino, ndiye kumeneko ndi bwino mashelefu akhale aafupi, awiri okha, zolemera zonse zili pansi.

Magetsi ndi kuwala

Ekisitenshoni isagone pa simenti. Ikhomereni m'mbali mwa desiki kapena kunsi kwa thabwa la pamwamba, ndipo kalipentala aboole kabowo kumbuyo kodutsa zingwe. Gulani yolemera, ya mapini atatu ndi fyuzi, ndipo ngati thumba likulola, yoteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu. Pamenepo pazilowa laputopu, foni ndi nyali basi. Ketulo, ayironi ndi hotipuleti zili ndi soketi yake ya pakhoma. Mabingu akayamba kugunda kuphiri, zulani pulagi, kungozimitsa sikukwanira.

Magetsi akazima, kandulo isayandikire desikiyi. Pamwamba pali thabwa la vanishi, pambali pali mapepala, ndipo munthu wotopa amasinza. Nyali yotchaja kapena ya sola ndiyo yoyenera, ndipo ipatseni malo akeake pa shelefu yoyamba kuti muziipeza ngakhale mumdima. Laputopu musaiyalire nsalu kunsi, imatseka mopumira. Ngati mumakhalapo maola ambiri, ikwezeni pa mabuku awiri kuti m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mulingane ndi maso, n'kugula kiyibodi ndi mausi zapadera. Kwa ine zimenezi zinachotsa kupweteka kwa khosi kuposa mpando uliwonse.

Kulongedza

Bwererani ku milu itatu ija. Za tsiku ndi tsiku zikhale pamene dzanja likufika mutakhala pansi, ndiko kuti pa desiki penipeni, mu dirowa ndi pa shelefu yoyamba. Pamwamba pa desiki pazikhala zinthu zochepa kwambiri: chimene mukugwira panopa, nyali, ndi chitini cha zolembera. Za pa sabata zipite pa shelefu yachiwiri ndi m'kachipinda ka mafailo. Mabuku aimirire, asagonerane, chifukwa buku la pansi pa mulu silitengedwa ndipo ndi limene limayamba chuku. Musawathinanitse, pakhale mpata wolowa chala.

Simufunika kugula mabokosi a pulasitiki okwera mtengo. Chitini cha mkaka chotsuka n'kuumitsa chimasunga mapensulo. Kansengwa ka nsungwi ka pamsika kamasunga matchaja ndi zingwe, ndipo kamapuma. Makatoni okha ndi amene ndimawakana, chifukwa amamwa chinyezi ndipo mphemvu zimaswerana m'mapindiro ake. Pa msana wa failo iliyonse matani kapepala kolembedwa ndi maka, mawu aakulu, monga SUKULU, NYUMBA, GULU, CHIPATALA. Ikaninso thireyi imodzi, kapena chivindikiro cha bokosi, cholandirira pepala lililonse latsopano limene lalowa m'nyumba. Likalowa lipite mmenemo, osati pa wailesi kapena pansi pa pilo.

Malisiti a m'makina aja, a pepala loterera, amafufutika okha pakatha miyezi, ndipo kutentha kumafulumizitsa. Ofunika ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo, kapena mulembe nambala yake m'kope.

Mulu wachitatu, wa zosunga, ndi umene ndimauopera kwambiri. Tonse a kuno tikukumbukira Malichi wa 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, madzi ndi matope zikutsika m'phiri. Anthu anataya abale ndi nyumba, ndipo mapepala ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo. Komabe opulumuka ambiri anavutikanso pambuyo pake kufunafuna satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala. Choncho mapepala oterewa asakhale m'failo wamba. Tsiku la dzuwa ayanikeni pamthunzi kuti aume bwino, lililonse mulilowetse m'kathumba kake ka pulasitiki, onse pamodzi alowe m'kabokosi kapena kandowa kotseka kwambiri. Mukatsekera pepala lachinyezi mu pulasitiki ndiye mwaliphikira chuku. Ponyanimo timapaketi toyera tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni, timayamwa chinyezi. Kabokosiko kakhale pa shelefu ya pamwamba kwambiri, pamalo amene aliyense wamkulu m'nyumbamo akuwadziwa, poti mungakanyamule ndi dzanja limodzi potuluka. Pepala lililonse mulijambulenso ndi foni n'kudzitumizira pa imelo.

Ndalama za gulu zisagone mu dirowa, ngakhale ya loko. Loko wa dirowa ndi woletsa ana kutenga chidindo ndi lumo, si woletsa wakuba. Chakudya nachonso chisafike pa desiki. Nyenyeswa za mandasi zimaitana nyerere ndi mphemvu, mphemvu zimadya guluu wa mabuku, ndipo makoswe akadziwa njira amadzamanga chisa ndi makope anu. Tiyi yekha sindingakuletseni, tili kwawo kwa tiyi, koma kapu ikhale mbali imene kulibe laputopu, pa kambale.

Ana a sukulu adzafuna kulemberapo homuweki, ndipo ndi bwino kuwalola. Apatseni chigawo chimodzi cha shelefu chikhale chawo, ndi lamulo limodzi lakuti akamaliza pamwamba patsale poyera.

Lachisanu lililonse madzulo ndimakhuthula thireyi ija. Pepala lililonse limapita ku failo yake kapena kukayatsira mbaula. Ndimapukuta pamwamba ndi nsalu youma, chifukwa yonyowa imasiya chinyezi m'makona. Kamodzi pa mwezi, ndipo kawiri m'nyengo ya mvula, ndimakoka desiki yonse kuichotsa kukhoma n'kuunika ndi tochi kuseri ndi kumapazi. Chimene ndimafuna ndi kanjira kadothi kokwera khoma kapena mwendo, kopyapyala ngati chingwe cha nsapato, ndi kaufa kathabwa kogwera pansi. Mukakapeza kanjirako musangokakolopa. Katsatireni mpaka pamene katulukira, nthawi zambiri ndi pa mng'alu wa simenti m'mphepete mwa khoma, thiranimo mankhwala a chiswe, mutseke ndi simenti, ndipo desiki ikhale kaye pena sabata imodzi mukuona ngati chabwerera. Dzuwa likawala pambuyo pa masiku a chiperoni, tsegulani zenera ndi madirowa onse, mafailo muwatulutse pakhonde pamthunzi mpaka masana, muwabweze dzuwa lisanapendeke nkhungu isanayambenso kutsika m'phiri.